Miyezi Itatu Zenera Lili Chitsekere

Dzina lawo lenileni ndinaliona kamodzi kokha, pa khadi la kuchipatala, ndipo namwino ataliitana ndinangokhala duu pabenchi ngati akuitana munthu wina. Tonse mumsewu wathu tinkawatcha a Siponji. Eni ake sankadandaula nalo dzinalo. Ankati siponji ndi chinthu chaulemu wake, chimanyamula bwana ndi wantchito yemwe osasankha matako.

Ntchito yawo inali yokonza masofa, ndipo anaigwira zaka makumi atatu ndi zinayi m'chipinda chakumaso cha nyumba yawo. Ine ndine telala. Shopu yanga ili nyumba zinayi kuchokera pa yawo, mbali yomweyo ya msewu, ndipo kwa zaka zambiri ndine ndinkawasokera nsalu zoveka masofawo. Iwo ankayeza, ine n'kusoka, kenako n'kumakangana kuti walakwitsa ndani. Choncho zimene ndikunenazi si za m'maluwa. Ndinalipo, ngakhale kuti pamene ndinkafunika kwenikweni ndinasowa.

Anthu ankabwera ndi masofa oti wina aliyense akanangowasonkhera moto: masipuling'i ali panja, miyendo itatu, pokhalira patalowa ngati beseni. A Siponji ankaizungulira sofayo kawiri manja ali kumbuyo, n'kuimenya khofi kamodzi, kenako n'kunena kuti, "Iyi sinafe, yangokomoka." Akang'amba nsalu yakale, m'chipinda monse munkachita mdima. Fumbi la zaka makumi awiri linkatuluka nthawi imodzi, pamodzi ndi tsitsi, nyenyeswa za zakudya ndi siponji yakale yofumbutuka ngati ufa wachikasu. M'kati mwa masofamo ankapezamo masupuni, zipeso, mabatire, ngakhale makalata amene eni ake sakanafuna kuti munthu awerenge. Makalatawo ankawabwezera momwemo n'kusokerera, ati chinsinsi cha sofa ndi cha sofa.

Siponji yatsopano ankaidula ndi mpeni wodulira buledi umene ankaunola okha. Guluu ankapaka ndi kachidutswa ka katoni, guluu wake uja wonunkha woti ukangofika pakhomo mutu umayamba kuzungulira. Iwo ankati amatsegula mphuno. Timisomali ankatiika m'kamwa, n'kumatitulutsa kamodzikamodzi ndi lilime uku hamala ikugwira ntchito. Ndinawauza kambirimbiri kuti azimanga kansalu kumphuno, mpaka ndinawasokera kena ka malamba ake bwinobwino.

"Ndiye misomali ndiziisunga kuti, a Telala? M'khutu?" anandiyankha choncho, kansalu kanga n'kukasandutsa chopukutira guluu.

Fumbi la masofa linali lawo, lochita kuliputa okha. Koma panalinso la msewu. Pamene ankamanga nyumbayo ndi akazi awo, kutsogolo kunkadutsa njinga ndi agalu basi. Kenako msewu anaukuza, anathira phula, malole onse opita kumafakitale n'kuyamba kudzera pamenepo. Ndiye wina wanzeru zake anaika hampu pafupi penipeni ndi zenera lawo. Lole iliyonse ikafika imachepetsa liwiro, kukwera hampuyo, kenako dalaivala n'kuponda mafuta, utsi wakuda bii uja n'kulunjika m'nyumba ngati waitanidwa. Kuseri kwa nyumba kuli dzala limene anthu amatentha madzulo aliwonse, majumbo, matewera, matayala akutha, zonse pamodzi. Makatani oyera a mayi a m'nyumbamo sankatha sabata asanasanduke otuwa.

Mayiwo anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anali munthu wolankhula, woti akayamba nkhani kukhitchini amaimalizira kubafa, ndipo atapita nyumba inazizira. Mwana anali mmodzi yekha, wamkazi, mphunzitsi ku mzinda wina wakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Patapita zaka ziwiri a Siponji anasiya ntchito, chifukwa kungotembenuza sofa kunkawasiya atagwira khoma, akupuma ngati athamangitsidwa. Zida anazipukuta n'kuziika m'bokosi pansi pa tebulo. Chimene chinawatsalira ndi zenera.

Zenera lake ndi lalikulu, loyambira m'chiuno, chifukwa kale ankatulutsirapo makushoni, ndipo njira ya oyenda pansi imadutsa m'munsi mwake mwenimweni. Anadzikonzera mpando umodzi wa nsalu zotsalira, mbali iliyonse mtundu wake, n'kuuika pamenepo. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, aliyense wodutsa ankasiya moni. Mlonda wa pamalo omwetsera mafuta ankaima poweruka n'kufotokoza za akuba amene akanabwera chikhala kuti iye kunalibe. Wokonza njinga wa patsidya pa msewu ankaoloka kudzakangana za mpira, sipanala ili m'manja. Amayi opita kumsika ankasiyapo makiyi oti ana adzatenge pochokera kusukulu. Ine ndinkafika cha m'ma teni ndi tiyi wanga m'kapu, n'kuyedzamira pazenerapo kuwauza za makasitomala anga amene amanenepa okha n'kumanamizira nsalu kuti yafupika. Palibe amene ankalowa m'nyumba. Khomo lili chakumbali, umachita kutsegula kageti n'kudutsa m'kanjira kopanikiza pakati pa makoma awiri. Ulowerenji, mwini nyumba ali pazenera?

Chifuwa chinabwera mwakachetechete. Poyamba kunali kutsokomola kwa m'mawa, kotulutsa makhololo akuda. Kenako nkhani zawo zinayamba kumaduka pakati kuti apume kaye. Tsiku lina ndinawapeza atawerama pampando, nsapato imodzi yomanga, inayo ayi, milomo itachita bii. Zingwe za nsapato zinali zitawalaka. Ndinatseka shopu n'kupita nawo kuchipatala, akukana njira yonse.

Anawajambula chifuwa, anawayeza makhololo, n'kuwapatsa kachubu koti auziremo ndi mphamvu zawo zonse. Dokotala wake anali mayi wachitsikana, wosazungulira polankhula. Anati si chifuwa chachikulu, koma mapapo atopa, ndipo pamene pawonongeka sipadzabwereranso. Anafotokoza kuti fumbi limene timaliona, lija timayetsemula nalo, mlandu wake ndi wochepa. Loopsa ndi la mu utsi, losaoneka ndi maso, limene limadutsa mphuno n'kukakhazikika pansi penipeni pa mapapo, lina mpaka kulowa m'magazi n'kumavutitsa mtima. Atamva ntchito imene ankagwira, anagwedeza mutu.

"Ndiye mukudziwa, bambo, mmene siponji imakhalira ikakalamba. Ukaifinya siibwerera."

"Imeneyo timangotaya, n'kuikamo ina," anatero a Siponji.

"Apa ina palibe. Tisamale yatsalayi."

Anawapatsa mankhwala opopera m'kamwa n'kuwauza kuti atalikirane ndi utsi. Ine ndinaseka mosafuna, chifukwa kuuza a Siponji kuti atalikirane ndi utsi kunali ngati kuuza nsomba kuti isanyowe.

Mwana wawo ndinamuimbira foni, ngakhale anandiletsa. Anafika Loweruka ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu, ndipo aliyense anadziwa kuti chadzatenga zovala za ndani. Mkangano wawo ndinaumva ndili pazenera, pamalo anga a masiku onse.

"Bambo, kwathu kuli chipinda chikungokhala," anatero mwanayo. "Kulibe malole, chipatala chili pafupi."

"Kumwamba kuja? Nyumba yosanja kanayi, zenera loyang'ana khoma la anzako? Nonse mumachoka m'mawa. Kumene kuja munthu umafa Lolemba, anthu n'kudzadziwa Lachisanu."

"Ndiye mufere kuno?"

"Kuno ndikafa teni koloko, kota pasiti a Telala adziwa."

"Musandilowetse m'nkhani zanu," ndinatero, koma mumtima ndinali mbali yawo. Nyumba imeneyo anaimanga ndi akazi awo, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa, ndipo munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri sazulidwa ngati udzu.

Koma mphunzitsi sachoka m'kalasi osasiya homuweki. Mwanayo anati chabwino, atumiza makina oyeretsa mpweya, ofanana ndi amene mnzake wina anagulira mwana wake wa mphumu. Makinawo amakoka mpweya wa m'chipinda n'kuudutsitsa mu sefa, fumbi ndi utsi n'kutsalira m'sefamo. Koma amathandiza pokhapokha mazenera ndi zitseko zikhale zotseka, apo ayi ndiye kuti ukuyeretsa msewu wonse. Dokotala anali atalemba pakhadi kuti abwerenso pakatha miyezi itatu.

"Miyezi itatu, zenera chitsekere, makina akuyaka," anatero mwanayo. "Mukakauzira m'kachubu kaja n'kupezeka kuti zasinthako, kapena zangoima pomwepo, mukhala. Zikaipiraipira mukulongedza, ndipo sindidzafunanso kumva za Lolemba ndi Lachisanu."

A Siponji anayang'ana zenera, anayang'ana ine, kenako anati, "Miyezi itatu si chaka."

Makinawo anafika sabata yotsatira pa basi, m'katoni. Anali oyera, ofika m'bondo, ngati kandowa kovundikira. Ndinapempha kuti ndiwawerengere kabuku kake, pakuti maso anga ndi abwinoko. Anakana. Ati munthu amene wamasula masofa zaka makumi atatu ndi zinayi sangaphunzitsidwe kutsegula ndowa. Ndinawasiya. Paja amati safunsa anadya phula, koma naye woona mnzake akulitola phulalo n'kubwerera kushopu ali ndi mlandu wake.

Zimene anachita masana amenewo ndinazidziwa patapita miyezi itatu, koma ndikuuzirenitu pano kuti mumve kuwawa kumene ine ndimamva. Anatsegula kachitseko kakumbuyo kwa makinawo n'kupeza sefa ija, yoyera mbee, yopindapinda mwaluso, itakulungidwa m'pulasitiki wa kufakitale. Pulasitiki ameneyo amayenera kuchotsedwa makina asanayatsidwe, apo ayi mpweya sudutsa. Munthu wina akanamusiya moiwala, kapena posadziwa kuti alipo. A Siponji anamuona, anamusisita, n'kumusiya dala.

Kuti mumvetse muyenera kuwadziwa. Sofa iliyonse akaimaliza ankaikulunga m'pulasitiki wochindikala, n'kumulangiza mwini wake ngati akumupatsira khanda: "Uyu musachotse. Chinthu chatsopano mdani wake ndi fumbi." M'nyumba mwawo munalinso chimodzimodzi. Rimoti inali m'pulasitiki, matiresi m'pulasitiki, ngakhale wotchi yapakhoma. Malemu akazi awo ankaseka kuti bambowa akanatha, akanawakulunga nawonso. Ndiye munthu wotereyu apeze chinthu choyera chotero, chogula mwana wake, m'nyumba ya m'mbali mwa msewu wa malole. Anangoona kuti akufakitale ndi anthu oganiza bwino ngati iwo. Pakona pena pulasitikiyo anali atabooka pang'ono, ndipo anamatapo tepi.

Zenera nalo analitseka mwaumisiri. Anadula timizere ta siponji n'kutimata ndi guluu m'mbali monse, moti ngakhale nyerere ikanabwerera. Anayatsa makina, kagetsi kobiriwira n'kuwala, m'kati n'kumamveka kulira kwa fani. Mphepo yotuluka pamwamba inali yochepa, yosatha kugwedeza ngakhale ulusi, koma iwo anali asanaonepo makina otere. Anaganiza kuti mpweya woyera umayenda mwaulemu.

Sabata yoyamba anthu anayesetsa. Mlonda ankagogoda pagalasi n'kuimika dzanja. Wokonza njinga ankakuwa zigoli za dzulo, koma mawu ankafika theka, lole ikadutsa n'kumeza otsalawo, a Siponji n'kumangoloza khutu. Ine ndinaima ndi kapu yanga kawiri katatu, tikuyang'anana ngati anthu a m'mabasi awiri osiyana. Nkhani ya pagalasi siikoma. Nthabwala ukaibwereza katatu mokuwa imasanduka chilengezo. Amayi a makiyi anapeza pena posiya. Wokonza njinga anasamutsira mikangano yake kwa ometa tsitsi. Pofika sabata yachitatu anthu ankangokweza dzanja akuyenda, ena n'kumayang'ana pafoni. Kenako tsiku lina m'mawa tinapeza katani yatsekedwa, ndipo sinatsegulidwenso. Kunena zoona, ambirife tinamva kupepukidwa.

Mwaye unayamba kuunjikana pagalasi chakunja. Wina wotsatsa malonda anamatapo chipepala chake, poganiza kuti m'nyumbamo simukhala munthu. Chinakhala pamenepo masabata awiri, tonse tikuchiona, mpaka mvula inachichotsa.

M'miyezi itatu imeneyo ndinalowa m'nyumbamo kawiri. Ndayesa kukumbukira mobwerezabwereza kuti mwina kakwane katatu, koma ndi kawiri.

Ulendo woyamba anandikalipira ndisanamalize n'komwe odi. "Tsekani msanga, a Telala, mukulowetsa dizilo!" M'nyumba munali fungo la malo otsekedwa, la guluu uja ndi la palafini, chifukwa magetsi akazima ankaphika pa sitovu momwemo, zonse chitsekere. Anandionetsa makina awo monyadira. Ankawapukuta m'mawa uliwonse ndi kansalu konyowa, ndipo mwana wawo akaimba foni Lamlungu masana ankaigunditsa foniyo kumakinako kuti amve yekha kuti akulira. Pakhoma panali kalendala, tsiku lililonse lodutsa litakhwatchidwa ndi pensulo yawo yoyezera.

Koma kucheza kunakanika. Pazenera munthu umaima mwendo umodzi uli m'njira, ukatopa umangoti ndapita. M'nyumba umakhala mlendo. Anakakamira kundiphikira tiyi, ndipo ulendo wa kukhitchini ndi kubwerera unawathera mpweya wonse, moti anakhala pansi akubanika, ine n'kumamwa tiyi wa munthu wodwala ngati wakuba. Tinafunsana za m'thupi, za mvula, za mwana. Kenako tinangokhala, makina akulira pakati pathu.

Ulendo wachiwiri unali chakumapeto kwa mwezi wachiwiri. Anali ataonda, kolala ya shati itatalikirana ndi khosi. Mpando wawo uja anali atautembenuza, msana kuzenera, mutu n'kumatsamira pakatani. Anandifunsa za aliyense mmodzimmodzi, ngati mlonda anachira bondo, ngati timu ya wokonza njinga ikuluzabe. Ndinawafunsa ngati akumva kusintha.

"Chifuwa ndiye chikadali chomwecho," anatero. "Koma zinthu izi zimagwira pang'onopang'ono. Kwatsala masiku makumi atatu ndi atatu. Ndikakhoza mayeso a aphunzitsi aja, ndizidzatsegulako ola limodzi patsiku. Ola limodzi silingaphe munthu."

Ndinalonjeza kubweranso Lamlungu. Koma inali nyengo yotsegulira sukulu, mayunifolomu ataunjikana mpaka kudenga, ndipo Lamlungu lililonse linkabereka linzake. Zengerezu analinda kwawukwawu. Chilungamo chake n'chakuti mayunifolomu ndinkangobisalirako. Ndinkaopa chipinda chija, bata lake lolemera, ndi maso a munthu amene akudikira kuti uyambitse nkhani. Ndinkadziuza kuti wodwala amafunika kupumula.

Tsiku la pakhadi litakwana mwana wawo anabwera, ulendo uno pa galimoto yobwereka kwa mnzake, ndipo anandipempha kuti tipitire limodzi kuchipatala. A Siponji anavala jekete. Anauzira m'kachubu katatu konse, mitsempha ya m'khosi itatuluka, maso atatuzuka. Dokotala uja anayang'ana manambala, n'kuyang'ana a ulendo watha, ndipo sanabise. Zinali zitatsikako. Osati kwambiri, koma zitatsika.

"Zenera mumatseka?" anafunsa.

"Ngakhale nyerere siilowa."

"Makina mumayatsa?"

"Nthawi zonse, kupatula magetsi akazima."

"Nanga sefa yake yada bwanji? Kumene mukukhalako iyenera kuti yafika posintha."

Apa a Siponji anawongola msana. Nkhope inawala ngati ya mwana wasukulu amene wafunsidwa funso lokhalo limene akulidziwa. "Za sefa musade nkhawa, adokotala. Ili mbee, ngati yabwera dzulo. Ndaisamala."

Dokotala anayang'ana mwana wawo. Mwana wawo anayang'ana ine.

Titangolowa m'nyumba mwanayo anagwada pansi, chikwama chake chikadali paphewa, n'kutsegula kachitseko kaja. Anaitulutsa sefa ili m'pulasitiki wake, tepi ili pakona, yoyera ngati diresi la ukwati. Anaigwira m'manja nthawi yaitali.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

"Ikanada, mwana wanga. Msewu uno ukuudziwa."

"Ntchito yake ndi kuda! Imada iyoyo kuti inuyo musade m'kati!" Mawu ake anakwera. "Miyezi itatu, bambo! Miyezi itatu mwakhala mukupuma mpweya womwewomwewo, wa palafini ndi guluu, makina akungodzilirira okha!"

Anang'amba pulasitikiyo ndi mano, anabwezera sefa, n'kuyatsa. Mphepo inatuluka yamphamvu moti tsamba la kalendala linayamba kukupiza pakhoma. A Siponji analiyang'ana tsambalo, masiku onse okhwatchakhwatcha aja akugwedezeka, ndipo anakhala pansi pang'onopang'ono. Sindinawaonepo atagwidwa ndi manyazi chotero, munthu amene moyo wake wonse ankanyadira kudziwa mmene zinthu zimakhalira m'kati. Ndinawamvera chisoni mpaka ndinayang'ana kumbali.

Mwanayo analira, kenako anapukuta misozi n'kukhala pamkono wa mpando wa bambo ake. Ndi mwana wabwino, ukali wake ndi wa chikondi. Anati cholakwa ndi chake, akanabwera yekha kudzawaikira makinawo m'malo mongotumiza katoni ngati akutumiza sopo. Anati makina si mankhwala, mwina ngakhale sefa ikanagwira ntchito manambala akanatsikabe, palibe angadziwe. Koma mayeso amene mwana walemba wopanda cholembera sawerengedwa.

"Tiyambirenso, bambo. Miyezi ina itatu, sefa ili bwinobwino. Sitovu ya palafini izikayakira panja. Mukhale m'nyumba mwanu."

Ine ndinaomba m'manja. "Mwaona, achimwene? Mwawina apilo! Aphunzitsi otere ife sitinawapeze m'nthawi yathu."

Sanaseke. Anayang'ana katani, anayang'ana makina, n'kufunsa mwana wawo ngati chikwama chachikulu chija wabwera nacho.

"Chili m'galimoto. Koma bambo, ndati mukhale."

"Ndamva. Pita ukachitenge."

"Nyumba yanu iyi, bambo. Mwaivutikira miyezi yonseyi."

Anapuma kaye, monga ankachitira nkhani ikatalika. "Chimene ndinkakana ndi kukakhala m'chipinda chotseka, ndekhandekha, kudikira kuti kunja kude. Ndakhalamo kale, mwana wanga, konkuno. Ndaona mmene zimakhalira." Anapumanso. "Kwanuko mwina madzulo chitseko chimatseguka, munthu n'kulowa."

Sananene mokwiya, ndipo sanandiyang'ane. Zikanakhala bwino akanandiyang'ana. Ndinayamba kufotokoza za mayunifolomu, kuti tonse tinkaganiza kuti akufuna kupumula, kuti ulendo uno tipangana bwinobwino, wina azibwera lero, wina mawa. Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza, ngati mmene umamvetsera kasitomala amene akulonjeza kubweranso iwe ukudziwa kuti sabwera. Kenako anandipempha kuti ndiwathandize kupinda mashati, pakuti ine ndiye ndimatha.

Kulongedza sikunatenge nthawi. Katundu wawo weniweni anakwana m'chikwama chimodzi ndi makatoni awiri: zovala, zithunzi, mankhwala ndi makina aja. Bokosi la zida anapatsa wokonza njinga, amene anathamangira atamva kuti akuchoka. M'mawa wa tsiku lonyamuka anabwera ambiri, mlonda, amayi a makiyi, ometa tsitsi, ndipo onse anaipeza njira ya pakageti ija popanda wowalozera. M'nyumba munadzaza mpaka ena anaima m'kanjira. Aliyense ankati msewu uno sudzakhalanso chimodzimodzi, ena mpaka misozi. A Siponji anagwirana chanza ndi aliyense n'kumathokoza.

Ine ndinatsalira kumapeto. Anali atakhala kale m'galimoto, kutsogolo, jekete atalimanga mabatani onse. Anatsitsa galasi n'kundikodola. Ndinawerama ndikuganiza kuti andisiyira mawu okhudza nyumba, za makiyi kapena za mpope wa madzi.

"A Telala, nsapato yanu yakumanzere mukaipititse kwa wosoka. Chidendene chatha, ikukhula pansi."

Ndinayang'ana phazi langa. Zinali zoona. "Mwaiona liti, inuyo?"

"Sindinaione. Ndimaimva. Hafu seveni popita, faifi koloko pobwerera." Anapuma. "Mukafika pazenera mumafulumira."

Mwana wawo anawakumbutsa za utsi, iwo anakweza galasi, ndipo galimoto inanyamuka.